Zotsatira za prostate zikati “zokayikitsa”, ndiye kuti zatani?

Pepala lija amalume analipinda kanayi n'kulibisa m'kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo linakhala momwemo sabata yathunthu asanauze munthu. Tsiku limene analitulutsa tinali pakhonde kwawo ku Chibavi, kunja kukuwaza kamvula kathu ka ku Mzuzu kaja kosadziwika poyambira. Anandipatsa maso ali kumbali.

“Tawerenga iwe wopita kusukulu. Adokotala akuti si khansa, koma akutinso ndidzapite akandibayenso. Nanga ngati si khansa akufunanso chiyani m'thupi mwangamu?”

Pepala lonse linali m'Chingerezi cha madokotala, koma mzere umene unasokoneza banja unali umodzi: “atypical small acinar proliferation, suspicious for carcinoma”. Mwana wawo wamkazi wa ku Johannesburg atangoona chithunzi cha pepalalo pa WhatsApp, diso lake linagwera pa liwu lomalizalo, lotanthauza khansa, nayamba kulira pafoni. Azakhali kumva mwana akulira, nawonso anayambapo. Amalume iwo anagwiritsa mawu a adokotala akuti “sitinapeze khansa”, natseka makutu ku zina zonse. Ena akuganiza kale za maliro, mwini wake akuti nkhani yatha. Onse anaphonya, koma kuphonya kwa amalume ndi kumene kukanatha kuwapweteka.

Prostate ndi kachiwalo ka amuna okhaokha, kukula kwake ngati suku limodzi, kolemera magalamu pafupifupi 20 mwa mnyamata. Kali pansi penipeni pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake ngati paipi yoboola khoma. Ntchito yake ndi kupanga gawo lina la madzi a umuna. Kumbuyo kwake kagundana ndi njira ya chimbudzi, n'chifukwa chake dokotala amakafufuza ndi chala kudzera kumeneko, chinthu chimene abambo ambiri amachithawa kuposa jakisoni. Munthu akamakalamba, gawo la pakati la kachiwaloka limakula n'kuyamba kufinya njira ya mkodzo. Ndiye kudzuka kanayi kasanu usiku, mkodzo wongodontha, kuima nthawi yaitali kuseri kwa nyumba anzako atabwerera kale. Ena mpaka mkodzo umatsekeka n'kuwaika paipi. Kukula kotereku si khansa. Khansa, pafupifupi 70 mwa 100 iliyonse, imayambira chakunja cha kumbuyo, kutali ndi njira ya mkodzo, motero ikamayamba siimveka n'komwe. Amalume chinawapititsa kuchipatala ndi mkodzo, ndipo za khansa zinangotulukira panjira.

Kuchipatalako anawayeza magazi a PSA. Iyi ndi puloteni imene prostate imapanga, ndipo pang'ono pake imalowa m'magazi. Madokotala ambiri amayamba kutchera khutu ikapitirira 4. Ya amalume inali 8 ndi kanthu. Vuto la PSA ndi lakuti imakwera ndi zambiri: prostate yongokula ndi ukalamba, matenda a tizilombo m'njira ya mkodzo, kutsekeka kwa mkodzo, kuikidwa paipi, ngakhale kukhala malo amodzi ndi mayi dzulo lake kumaikweza pang'ono. Mwa amuna amene PSA yawo ili pakati pa 4 ndi 10, pafupifupi mmodzi mwa anayi ndi amene amapezeka ndi khansa akawaunika. Ikapitirira 10 mpata umakwera kufika theka kapena kuposa. Choncho PSA imangoloza kuti pano tafufuzanipo. Kuti adziwe ngati muli khansa, amayenera kutapa kanyama n'kukakaona pa maikulosikopu. Kutapa kumeneku ndiye biopsy.

Aliyense amene anagulitsapo chimanga adziwa mmene ogula amachitira. Sakhuthula thumba lonse. Amalibaya ndi kachitsulo koboola pakati, apa ndi apo, n'kuona timaso tochepa tomwe tatuluka. Biopsy ya prostate ndi yotero. Dokotala amalowetsa singano yaitali, nthawi zambiri kudzera m'njira ya chimbudzi, m'malo ena kudzera pakhungu la pakati pa machende ndi kotulukira chimbudzi, n'kubaya malo osiyanasiyana. Masiku ano amalimbikitsa kubaya malo 10 mpaka 12, sikani ikuwatsogolera. Singano iliyonse imatulutsa kanyama kotalika sentimita imodzi kapena awiri, kuonda kwake ngati ulusi wosokera matumba. Mukaphatikiza tinyama tonseto sitikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a prostate yonse. Pepala la zotsatira limanena za timaso tija totuluka m'kachitsulo. Za thumba lonse timangoyerekeza.

N'chifukwa chake ngakhale pepala lolembedwa kuti “benign”, kutanthauza kuti sanaone choipa chilichonse, silitseka mlandu kotheratu. Amuna otere akawabayanso chifukwa PSA ikukwerabe, pafupifupi mmodzi mwa asanu amapezeka ndi khansa imene singano zoyamba zinailambalala. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa zokayikitsa zonse tiziyeza poyerekeza ndi iyoyo.

Tinyama tija amatiika m'kabotolo ka mankhwala oti tisawole, n'kutitumiza ku labu. Kwa zaka zambiri akatswiri oona nyama pa maikulosikopu m'dziko muno akhala akupezeka makamaka ku Blantyre, komwe kuli Queen Elizabeth Central Hospital ndi sukulu ya madokotala, ndi ku Lilongwe, komwe labu ya ku Kamuzu Central Hospital inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina. Akatswiriwa ndi owerengeka m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni, ndiye kudikira zotsatira kwa masabata si chachilendo, makamaka kwa ife a kumpoto. Ku labuko kanyama amakaumitsa m'phula, n'kukasenga timagawo topyapyala kuposa tsitsi kakhumi, n'kutipaka utoto wofiirira ndi wa pinki kuti maselo aoneke.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndichedwapo pang'ono. Mkati mwa prostate muli timatumba tambirimbiri topanga madzi aja. Katumba kabwinobwino kali ndi mizere iwiri ya maselo. Mzere wamkati ndi umene umapanga madzi. Mzere wakunja, umene madokotala amautcha basal cells, uli ngati mpanda wozungulira nyumba. Khansa ya prostate imadziwika ndi zinthu zingapo zikakumana pamodzi: timatumba timakhala ting'onoting'ono, tothithikana, tolowerera pakati pa tinzake tabwino, maselo ake amakhala ndi mitima yaikulu yokhala ndi kadontho koonekera, ndipo mpanda uja umakhala kulibe. Katswiri akaona zonsezi pa timatumba tokwanira, amalemba kuti khansa, osazengereza. Akaona mpanda uli chilili ndipo maselo ali bwino, amalemba kuti palibe. Zokayikitsa zimabwera akaona zina mwa zizindikirozi, zina osaziona. Ndipo zokayikitsazo zili mitundu iwiri yosiyana kwambiri, ngakhale pakamwa pa dokotala wotanganidwa zonse zimangotuluka ngati “tapeza timaselo tachilendo”.

Mtundu woyamba amaulemba kuti high-grade PIN, kapena HGPIN. Dzina la PIN linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1987. Apa maselo amkati asintha nkhope, akuoneka ngati a khansa, koma akadali m'katumba kawo ndipo mpanda ulipo, ngakhale penapake uli ndi mipata. Katswiri sakukayika chimene waona. Akudziwa kuti si khansa, koma ndi kusintha kumene ambiri amakhulupirira kuti khansa zina zimayambirapo. Sikafalikira m'thupi, sikafuna opaleshoni kapena mankhwala, ndipo pakokha sikakweza PSA. Amakapeza pa ma biopsy pafupifupi 5 mwa 100 alionse, ndipo kamachuluka ndi ukalamba.

Kale HGPIN inkaopsa madokotala. M'zaka za m'ma 1990, pamene ankabaya malo 6 okha, amuna ambiri amene anapezeka nayo ankapezeka ndi khansa powabayanso, m'kafukufuku wina mpaka kuyandikira theka. Kenako anazindikira kuti vuto linali kuchepa kwa singano: khansayo inalipo kale, koma kubaya 6 kunkaiphonya. Atayamba kubaya 10 mpaka 12, mpata wopeza khansa pambuyo pa HGPIN ya pamalo amodzi unatsika kufika pakati pa 20 ndi 25 mwa 100, kusiyana pang'ono chabe ndi munthu uja wa “benign”. Motero lero munthu amene HGPIN yapezeka pa kanyama kamodzi samuthamangitsira kukabayidwanso. Amangomutsatira ndi PSA komanso chala. Ikapezeka pa tinyama tambiri, titatu kapena kuposa, mpata umakwera kufika cha m'ma 30 mwa 100, ndipo apo dokotala amamuyang'anira pafupi.

Mtundu wachiwiri ndi wa amalume uja, “atypical small acinar proliferation”, umene amaufupikitsa kuti ASAP. Umenewu si matenda ayi, ndipo palibe munthu amene “akudwala ASAP”. Ndi katswiri amene akuvomereza kuti umboni wamuchepera. Waona timatumba tiwiri, titatu kapena tinayi tooneka ngati khansa, koma n'tochepa kwambiri, kapena tili kunsonga kwenikweni kwa kanyama, kapena singano inatiphwanya, kapena tazunguliridwa ndi kutupa kumene kumasintha nkhope za maselo abwino. Tibwerere kuthumba lija: mwabaya, ndipo pakati pa timaso tabwino mwatuluka kaufa pang'ono ndi kanthu kakuda kooneka ngati mwendo wa nankafumbwe. Simunganene kuti chimanga chafumbwa. Simunganenenso kuti chili bwino.

Katswiri asanagonje amayesa njira zina. Amasenganso kanyama kaja mozama kuti aone ngati timatumbato tichuluke, koma nthawi zina posengapo timatheratu. Ngati labu ili ndi zipangizo, amapaka utoto wapadera: wina wotchedwa p63 umaonetsa maselo a mpanda, wina wotchedwa AMACR umakonda kumata maselo a khansa. Koma utotowu sugamula wokha, chifukwa pali timatumba tina tabwinobwino, tofota ndi ukalamba, timene mpanda wake umakhala wodukaduka, ndipo pa timatumba titatu n'kosavuta kugwera pampata. Ena amatumiza galasilo kwa mnzawo kuti aonenso. Zikakanika, amalemba mawu aja anasokoneza banja lathu. Ine poyamba ndinkaona ngati ndi ulesi kapena mantha a wolembayo. Pano ndimaona kuti ndi chilungamo. Kulemba “khansa” pa umboni wochepa chonchi kungachititse munthu kuchotsedwa chiwalo, n'kutsala akudontha mkodzo kapena atafooka kuchipinda, pa chinthu chimene mwina kulibe.

Nambala za ASAP ndi zolemera kuposa za HGPIN. Nayo imapezeka pa ma biopsy osapitirira 5 mwa 100, koma amuna otere akabayidwanso, pakati pa 30 ndi 40 mwa 100 amapezeka ndi khansa. Tiziwerenge mbali zonse ziwiri: oposa theka sapezeka nayo, ndiye kulira kwa azakhali kunafulumira. Koma mpatawo ndi wokwera pafupifupi kawiri poyerekeza ndi wa munthu wa “benign”, ndiye kukana kwa amalume kunalibe pogwira. Kwa zaka zambiri langizo linali lakuti munthu wa ASAP abayidwenso pakati pa miyezi 3 ndi 6, singano zambiri zikulunjika pamalo pomwe panakayikitsapo ndi m'mbali mwake, osaiwala mbali zina. Chaposachedwapa akatswiri a ku Ulaya ndi ku America afewetsako langizoli, ataona kuti khansa yambiri imene imapezeka pambuyo pa ASAP ndi ya mtundu wofatsa. Ambiri a iwo tsopano amayamba ayezanso PSA ndi kujambula ndi MRI, n'kubayanso ngati paoneka chifukwa.

Pamenepa ndili ndi maganizo anga, ndipo ndinawauza amalume mosabisa. Kufewetsa kumeneko kunabadwira kumene munthu anabayidwa malo 12 sikani ikuona, kumene MRI ili pafupi, kumene kalata yomukumbutsa tsiku imamupeza pakhomo. Mwamuna wa ku Mzimba kapena ku Chitipa amene anabayidwa malo anayi kapena 6, dokotala akungotsogozedwa ndi chala, ali pafupi ndi nambala zakale zija za m'ma 1990 kuposa zatsopanozi. MRI kwa ambiri a ife ndi ulendo wa pa M1, kudutsa Chikangawa, Jenda ndi Kasungu, ndi ndalama zimene banja liyenera kusonkherana. Choncho funso loyamba kufunsa adokotala ndi lakuti: munabaya malo angati, ndipo munagwiritsa ntchito sikani? Lachiwiri: chokayikitsacho ndi HGPIN kapena ASAP, ndipo chapezeka pa tinyama tingati, mbali iti? Safunsa anadya phula. Mayankho a mafunso awiriwa ndi amene amasiyanitsa munthu woti angoyezetsa magazi pakatha miyezi ndi munthu woti abwerere pa bedi lija.

Pali liwu linanso limene likaoneka papepala musalisokoneze ndi awiriwa: intraductal carcinoma. Nalonso limanena za maselo amene ali mkati mwa mpanda, koma awa adzaza katumba thothotho, ndipo kawirikawiri amayenda ndi khansa yaukali imene ili chapafupi. Bungwe la World Health Organization linaliika pagulu lakelake mu 2016. Limeneli silodikira miyezi. Mbali inayi, mawu ngati “chronic inflammation” kapena “atrophy” amanena za kutupa ndi kufota, zinthu zofala zimene si khansa. Kwa anthu amene anakulira kunyanja, ku Nkhata Bay, ku Usisya kapena ku Karonga, mazira a likodzo amatha kukhazikika mu prostate n'kuyambitsa kutupa, ngakhale magazi mu umuna. Ndi bwino kumuuza dokotala ngati munadwalapo likodzo.

Dokotala wabwino sawerenga pepala la labu palokha. Amaliika pambali pa zina. PSA ikukwera kapena yaima? Prostate ndi yaikulu bwanji? PSA ya 8 mwa munthu wa prostate yaikulu ngati lalanje siyoopsa ngati PSA yomweyo mwa munthu wa prostate yaing'ono, ndipo pali kawerengedwe kake: amagawa PSA ndi kukula kwa prostate koyezedwa pa sikani, yankho likapitirira 0.15 kukayika kumakula. Chala chinamva chotupa cholimba ngati mwala? Bambo ake kapena mchimwene wake anadwalapo? Ngati PSA ili m'ma 50 kapena 100, prostate ili gwa, munthu akumva kupweteka msana ndi m'chiuno usiku, ndiye pepala lonena kuti “zokayikitsa”, ngakhale lonena kuti “palibe”, lisamugonetse tulo munthu. Singano inangophonya. Ndipo miyendo ikayamba kufooka kapena kuchita dzanzi pamodzi ndi msana wopwetekawo, ndi nkhani ya tsiku lomwelo ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chachikulu chapafupi, chifukwa khansa ya prostate imakonda kuthawira m'mafupa ndipo ikhoza kufinya mtsempha wa msana.

Chimene chinkawabweza m'mbuyo amalume sichinali nambala. Chinali kubayidwako. Anakumbukira manyazi ake, ululu wake, ndi magazi amene anaona pambuyo pake. Magazi pang'ono mumkodzo ndi m'chimbudzi kwa masiku angapo ndi chizolowezi. Mu umuna amatha kuoneka kwa masabata angapo, ofiira kenako akuda ngati dzimbiri, ndipo sapatsira mayi matenda alionse. Analinso atamva kubawo kuti khansa ukaibaya imalusa n'kumwazikana thupi lonse. Zimenezi sizoona, amuna mamiliyoni abayidwa padziko lapansi ndipo biopsy siidziwika kuti imafalitsa khansa ya prostate. Choopsa chenicheni ndi china, ndipo kuno kwathu n'chosavuta kuchiphonya. Singano yodutsa m'njira ya chimbudzi imatha kulowetsa tizilombo m'magazi. Munthu akayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera patangopita tsiku limodzi kapena atatu chibayidwireni, aliyense pakhomo amati ndi malungo, n'kuthamangira kukagula LA. Ayi. Apite kuchipatala msanga ndipo akanene kuti anachitidwa biopsy ya prostate. Mkodzo ukatsekeka, chimodzimodzi.

Panalinso wa mankhwala azitsamba amene anawalonjeza botolo “losungunula prostate” m'masabata awiri. Ndinawauza kuti palibe chitsamba chodziwika chimene chimachotsa HGPIN kapena kusintha ASAP kukhala yabwino, ndipo ASAP ilibe n'choti n'kusungunula chomwe, popeza ndi funso losayankhidwa. Ngakhale mankhwala enieni a kuchipatala ali ndi msampha wake. Finasteride, amene amapatsa abambo ambiri kuti prostate iphwe, amatsitsa PSA ndi theka munthu akamwa miyezi 6 kapena kuposa. Munthu amasangalala kuti 8 yasanduka 4, osadziwa kuti dokotala amayenera kuiwirikiza kawiri nambalayo. Ngati mukumwa, nenani.

Anapita patatha miyezi inayi, azakhali atawaperekeza mpaka pakhomo la chipinda. Anayamba ayezanso PSA, popeza kubaya kumaikweza kwa masabata angapo ndipo kuyeza msanga kumangoopseza munthu. Inali isanatsike. Ulendo uno anabaya malo 12, n'kuika tinyama ta kumanja ndi kumanzere m'mabotolo osiyana. Zotsatira zitabwera, kanyama kamodzi ka mbali yomwe ija kanali ndi khansa, yolembedwa kuti Gleason 3+3=6, Grade Group 1.

Foni ya ku Johannesburg inaliranso, ndipo apa panafunika kufotokozanso. Donald Gleason anali dokotala wa ku Minneapolis ku America amene m'zaka za m'ma 1960 anakonza njira yopimira ukali wa khansa ya prostate poona mmene timatumba tasokonekera. Katswiri amapereka nambala ziwiri n'kuziphatikiza. Anthu akamva 6 amaganiza kuti ndi 6 pa 10, ndiye kuti yadutsa theka. Koma masiku ano pa biopsy 6 ndiye nambala yotsikitsitsa imene amalemba. Pofuna kuthetsa chisokonezo chomwechi, mu 2014 akatswiri anagwirizana zoika magulu asanu: gulu 1 ndi Gleason 6, gulu 2 ndi 3+4, gulu 3 ndi 4+3, gulu 4 ndi 8, gulu 5 ndi 9 kapena 10. Taonani kuti 3+4 ndi 4+3 zonse ndi 7 koma sizofanana, chifukwa nambala yoyamba ndi ya mtundu umene wachuluka. Khansa ya gulu 1 imakula pang'onopang'ono kwambiri ndipo payokha sikawirikawiri kufalikira. Amuna okalamba ambiri amamwalira ndi zina ali nayo osadziwa. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa ProtecT anatsatira amuna oposa 1,600 amene khansa yawo inapezeka isanatuluke mu prostate, ena atachitidwa opaleshoni, ena atawotchedwa ndi makina, ena akungoyang'aniridwa. Patatha zaka 15, pafupifupi 97 mwa 100 sanafe ndi khansayo, ndipo magulu atatuwo sanasiyane kwenikweni pa imfa, ngakhale kuti mwa ongoyang'aniridwa khansa inafalikira mwa ochulukirapo.

Tsono wina angafunse, monga anafunsira amalume: ngati mapeto ake ndi kungoyang'anira, kubayidwa kachiwiri kunapindula chiyani? Kunapindula kuti tsopano tikudziwa mtundu wake. Pakanapezeka 4+3, nkhani ikanakhala ya opaleshoni kapena kuwotcha ku National Cancer Centre ku Lilongwe nthawi ikadalipo. Amuna ambiri m'dziko muno khansa ya prostate imawapeza itafika kale m'mafupa, pamene chotsala ndi kutseka mahomoni achimuna ndi jakisoni kapena kuchotsa machende, njira imene Charles Huggins anaionetsa mu 1941. Imathandiza, imachepetsa ululu, imatalikitsa moyo, koma sichiza. Khansayi ili m'gulu la zofala kwambiri mwa amuna a ku Malawi, pamodzi ndi ya kummero ndi ina yooneka kwambiri pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma. Munthu amene wagwidwa pa siteji ya “zokayikitsa” ali patsogolo pa anzake ambiri, bola asasowe. Ndipo kusowa ndi kosavuta: dokotala uja wasamutsidwa, kabuku kanyowa ndi mvula, ya transipoti yapita ku feteleza, mkodzo wayamba kuyenda bwino ndi mapiritsi, munthu n'kuiwala.

Nkhaniyi inatikhudzanso ife achinyamata a pabanjapo, ngakhale ena tili ndi imvi kale. Munthu amene bambo ake kapena mchimwene wake anapezeka ndi khansa ya prostate ali ndi mpata wowirikiza pafupifupi kawiri. Amuna akuda ali pachiopsezo chokwera: ku England anawerengera kuti mwamuna wakuda mmodzi mwa anayi adzapezeka nayo m'moyo wake, pamene mwa azungu ndi mmodzi mwa 8. N'chifukwa chake amalangiza amuna akuda ndi amene ili m'banja mwawo kuyamba kukambirana za PSA ndi dokotala ali ndi zaka 45. Mbali ya amayi nayo imawerengedwa, chifukwa chibadwa china chotchedwa BRCA2, chimene chimabweretsa khansa ya m'mawere mwa akazi, chimabweretsanso khansa ya prostate yaukali mwa amuna. HGPIN kapena ASAP ya bambo payokha siiwerengedwa ngati khansa ya m'banja. Ya amalume inayamba kuwerengedwa pa pepala lachiwiri lija. Ana awo aamuna awiri anauzidwa. Mmodzi anapita kukayezetsa, winayo akuti akadali wotanganidwa.

Pano amalume amayezetsa PSA miyezi 6 iliyonse, ndipo anauzidwa kuti nthawi ina adzafunika kubayidwanso kuti aone ngati gulu lija silinasinthe. Za kubayidwanso sanayankhe kanthu. Adokotala anawauzanso kuti masiku awiri asanayezetse magazi asapalase njinga mtunda wautali ndipo agone kuyang'ana kukhoma. Mawu achiwiriwa ananenedwa azakhali ali pomwepo, ndipo mpaka lero amalume amati adokotala aja ndi mwana wopanda mwambo. Mapepala onse awiri tinawajambula pafoni, n'kuwachititsanso fotokope ku Katoto. Kabuku kaja sikakhalanso m'thumba la jekete lawo. Kali m'chikwama cha azakhali, chija amapita nacho kumvano, ndipo tsiku la mwezi wa Okutobala analizunguliza ndi cholembera chofiira pakalendala ya pabalaza.